Kampango kamene kanatonthoza Mfumukazi

Dzuwa litangopendeka pang'ono pa 7 Epulo 1853, m'chipinda china cha ku Buckingham Palace, mumzinda wa London, munalowa dokotala wina wosalankhulalankhula atanyamula kabotolo ndi kampango. Dzina lake linali John Snow, mwana wa munthu wamba wa ku York. Pabedi panali Mfumukazi Victoria, wa zaka 33, matenda a mwana wachisanu ndi chitatu atayamba kale. Snow anapinda kampango kaja n'kudonthezerapo madontho ngati 15 a mankhwala otchedwa chloroform. Ululu ukamabwera ankakayandikitsa kumphuno kwa mayiyo, ukapita n'kukachotsa. Anachita zimenezi kwa mphindi 53, ndipo nthawi itakwana 1:13 masana, Kalonga Leopold analira.

Mfumukazi sinagone tulo ayi. Inkamva zonse zimene zinkachitika m'chipindamo, koma ululu unali utazizira. M'buku lake lolembamo za tsiku ndi tsiku inayamikira mankhwalawo ngati dalitso, ndipo mu Epulo 1857, pochira mwana wake womaliza, Beatrice, inaitanitsanso Snow yemweyo.

Masiku amenewo mimba ya mfumukazi inali nkhani ya boma. Mu 1688 mkazi wa Mfumu James II, Mary wa ku Modena, atabereka mwana wamwamuna, adani a mfumuyo anafalitsa mphekesera yoti mwanayo si wake, anachita kumulowetsa mobisa m'chiwaya chofunditsira bedi. Kuti pasakhalenso mpata wa mijedo yotere, mboni zinkayenera kukhalapo mlowam'malo akamabadwa, ndipo ku Britain nduna ya za m'dziko inkaitanidwa kukadikira pafupi. Mwambowu unafika mpaka mu 1936. Ku France zinanyanya: mu Disembala 1778 Mfumukazi Marie Antoinette anachira ku Versailles chipinda chili thithithi ndi anthu, ena atakwera pamipando kuti aone bwino, mpaka mayiyo anakomoka ndipo anachita kutsegula mawindo mokakamiza kuti mphepo ilowe. Kwathu kuno, kumene ngakhale mwini mimba amadikira kutali ndi chikuta, zimenezi n'zamalaulo.

Madokotala a kunyumba yachifumu analinso ndi chilonda chimene chinali chisanapole. Mu Novembala 1817, Charlotte, mwana yekhayo wa m'banja wa kalonga amene anadzakhala Mfumu George IV, anavutika ndi matenda kwa maola pafupifupi 50. Mwana anabadwa atafa kale, ndipo patangopita maola ochepa mayi naye anatsikira kuli chete, ali ndi zaka 21 zokha. Dokotala wake, Sir Richard Croft, anadziwombera patatha miyezi itatu. Maliro amenewa ndi amene anachititsa abale a George kuthamangira kukwatira kuti mpando usasowe mwini, ndipo Victoria anabadwa mu 1819 chifukwa cha mpikisano umenewo. Paja akuluakulu amati mayi woyembekezera ali ndi pakati, kutanthauza pakati pa moyo ndi imfa. Dokotala aliyense wolowa m'chipinda cha mfumukazi ankadziwa kuti naye ali pakati.

Pamene Snow ankalowa m'chipinda chija, chloroform anali asanakwanitse n'komwe zaka zisanu ndi chimodzi m'manja mwa madokotala. James Young Simpson, mphunzitsi wa zauzamba ku Edinburgh, anayamba wayesa ether pa mayi wochira mu Januwale 1847, koma fungo lake linali lamphamvu ndipo ankatsokomoletsa. Madzulo a pa 4 Novembala chaka chomwecho, iye ndi anzake awiri, Keith ndi Duncan, anakhala patebulo kunyumba kwake n'kumanunkhiza chloroform. Anayamba kusangalala ngati oledzera, kenako onse atatu anapezeka ali pansi. Pasanathe masiku ambiri Simpson anali atayamba kupatsa amayi.

Nkhani imene imakonda kukambidwa ndi yoti atsogoleri a mipingo anaimirira n'kutsutsa, ponena kuti buku la Genesis linalamula kuti mkazi azibereka movutika. N'zoona kuti Simpson analemba kabuku koyankha maganizo otere mu Disembala 1847, ndipo anakumbutsa owerenga kuti m'buku lomwelo Adamu anayamba wagonetsedwa tulo nthiti isanachotsedwe. Koma akatswiri a mbiri amene anafufuza maulaliki ndi zolembedwa za nthawiyo anapeza kuti phokoso la kumipingo linali lochepa kwambiri. Chaka chomwe Leopold anabadwa, 1853, Snow anakapereka chloroform kwa mwana wamkazi wa mkulu wa mabishopu wa Canterbury, kunyumba kwa bambo akewo ku Lambeth. Amene anaumitsa khosi anali madokotala anzake.

Ndipo madokotalawo sankangolankhula zopanda mutu. Mu Januwale 1848, mtsikana wa zaka 15, Hannah Greener, anamwalira pafupi ndi Newcastle atangokoka chloroform kuti amuchotse chikhadabo cha kuphazi. Imfa zina zinatsatira: mtima unkangoima mwadzidzidzi. Choncho mu Meyi 1853, magazini ya madokotala ya The Lancet itamva za ku Buckingham Palace, inalemba modabwa ndi mokalipa kuti palibe chifukwa choperekera mankhwala oopsa chotere kwa mayi amene akuchira bwinobwino. Ena ankati ululu ndi umene umauza dokotala mmene matenda akuyendera. Mfundo imeneyi ndi yosavuta kuinena ukakhala kuti thupi lomva kuwawalo si lako.

Chimene chinasiyanitsa Snow ndi anzake n'choti iye anali munthu woyeza. Anatha zaka akufufuza kuchuluka kwa mankhwala ndi mmene thupi limasinthira pa mlingo uliwonse, ndipo ankadziwa polekezera kuti ululu uchepe munthu akadali maso. Ndi Snow yemweyu amene chaka chotsatira, mu 1854, anatsata imfa za kolera khomo ndi khomo ku Soho mpaka kuloza mjigo wa pa Broad Street. Njira yake yoperekera chloroform pang'onopang'ono anthu anaipatsa dzina la Chifalansa lotanthauza chloroform wa mfumukazi, ndipo amayi a m'mabanja olemera anayamba kuiitanitsa mosachita manyazi. Kunena zoona, Victoria sanatulukire kalikonse. Mwamuna wake, Albert, anayamba wafunsafunsa kwa Snow, madokotala a mfumukaziyo Sir James Clark ndi Charles Locock anavomera, ndipo iye, mayi amene sankabisa m'makalata ake kuti mimba zinkamutopetsa, anangoti akufuna. Koma mawu a mfumukazi salemera mofanana ndi a mayi wa kumsika.

Kampango kaja sikanathetse zonse. Pa 27 Januwale 1859 ku Berlin, mwana woyamba wa Victoria, Vicky, anavutika koopsa chifukwa mwana anatsogoza matako. Anapatsidwa chloroform wambiri, Sir James Clark ali pomwepo, ndipo dokotala wa ku Germany, Eduard Martin, anachita kumukoka mwanayo. Anatuluka ali zii, osapuma, mpaka mzamba anamumenyamenya kuti alire. Mitsempha ya paphewa inali itavulala ndipo mkono wamanzere unakhala wopuwala moyo wake wonse. Khanda limenelo ndi Kaiser Wilhelm II, amene anatsogolera Germany pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, madokotala awiri a ku Freiburg, Bernhard Krönig ndi Carl Gauss, anabwera ndi njira ina imene inatchuka ndi dzina loti tulo ta chisisira. Ankabaya mayi morphine pamodzi ndi scopolamine. Morphine ankachepetsa ululu pang'ono, koma ntchito yaikulu inali ya mnzakeyo: kuiwalitsa mayi zimene zachitika. Mayi ankatha kukuwa ndi kuphiriphitha, nthawi zina mpaka kumangidwa manja, koma podzuka ankangopatsidwa mwana osakumbuka kanthu. Makanda ena ankabadwa atafooka, akupuma movutikira. Amayi olemera a ku America ankawoloka nyanja kukafuna tulo timeneti, makamaka magazini ya McClure's italemba za njirayi mu 1914. Kwa ine, apa zinthu zinabwerera m'mbuyo. Victoria anachotseredwa ululu n'kutsala mwini wa chipinda chake. Awa anachotseredwa tsiku lonse, ululu n'kutsala.

Sewero la The Crown la pa Netflix linaonetsa Mfumukazi Elizabeth II itagonetsedwa motere pochira Andrew mu 1960. Limenelo ndi sewero, ndipo nyumba yachifumu silengeza za mankhwala a m'chikuta. Zodziwika n'zoti ana ake onse anayi anabadwira kunyumba, ndipo pamene Charles ankabadwa mu Novembala 1948, mwamuna wake, Philip, anali akusewera squash. Pofika 1964, pa kubadwa kwa Edward, anali pambali pa mkazi wake. William, mwana wa Charles, mu Juni 1982, ndiye anali woyamba mwa odzalowa ufumu kubadwira kuchipatala, ku St Mary's.

Lero chida chachikulu ndi jakisoni wa pamsana wotchedwa epidural. Dokotala amalowetsa kachubu kakang'ono pafupi ndi mitsempha ya msana, mankhwala n'kumachititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, mayi ali maso n'kumalankhula. Palinso mpweya wokoka, umene mayi amagwira yekha chokokeracho. Catherine, mkazi wa William, ananena poyera mu 2020 kuti iye anathandizidwa ndi luso lopuma mwadongosolo ndi kukhazika mtima pansi. Za Meghan tinazimva kwa mwamuna wake: m'buku lake la Spare, Harry, mng'ono wa William, anafotokoza kuti mwana wawo Archie akubadwa ku Portland Hospital mu Meyi 2019, Meghan anabayidwa jakisoni wa pamsana. Anaululanso kuti namwino atafuna kupatsa mayiyo mpweya uja, anapeza botolo lili gwa, mulibe kanthu. Bambo anali ataukoka wonse podikira.