KUZINDIKIRA GANIZO LOBISIKA M'MAU

1. Tanthauzo lake

Munthu akamalankhula sachula zonse zimene zili m'mutu mwake. Amachula zocepa, ndipo zotsalazo amaziyesa zodziwika kale kwa womvera. Mai akauza mwana kuti, "Katseke citseko ca khola," sanena kuti pali khola, kuti kholalo lili ndi citseko, kapena kuti citsekoco n'cotsekula. Komabe popanda zinthu zitatuzi mau a maiwo alibe pogwira. Cinthu cimene wolankhula waciyesa coona, osacichula, namangapo mau ake, timacicha ganizo lobisika. Tingaciyerekeze ndi maziko a nyumba: saoneka, koma akagumuka khoma nalo limagwa.

Akatswiri a zinenero anayamba kale kufufuza nkhaniyi. Gottlob Frege wa ku Germany anasonyeza mu 1892 kuti tikachula dzina m'ciganizo timakhala titavomereza kale kuti mwini dzinalo alipo kapena analipo. Mu 1950 P. F. Strawson wa ku Oxford anaikulitsa mfundoyo. M'mayeso ochuka oyesa kaganizidwe amene anakonza Goodwin Watson ndi Edward Glaser ku America muli zigawo zisanu, ndipo cimodzi mwa izo ndi ca kuzindikira maganizo obisika.

2. Kufunika kwake kwa mphunzitsi

Kwa zaka zambiri mayeso a Giredi 7 a bungwe la Examinations Council of Zambia anali ndi mapepala awiri apadera: Special Paper 1 loyesa kuganiza ndi mau, ndi Special Paper 2 loyesa kuganiza ndi zithunzi. Mapepala otere safunsa zimene mwana analoweza pamtima. Ndiponso ndondomeko ya maphunziro ya mu 1996, yochedwa Educating Our Future, inafuna kuti sukulu zitulutse ana odziwa kusanthula zinthu ndi kuganiza paokha. Inu nomwe mudzakumana ndi mafunso a mtundu uwu pa mayeso ofunsira nchito kapena maphunziro apamwamba.

Koma phindu lalikulu lili kunja kwa cipinda ca mayeso. Mwana amene sadziwa kufunsa kuti, "Kodi munthuyu wayesa ciani kukhala coona?" amanamizidwa msanga ndi wamalonda pa msika wa Kapata, ndi wokopa mavoti, ndiponso ndi uthenga wa pa foni womuuza kuti wapambana mpikisano umene sanalowe. Lusoli limazika mizu bwino m'cinenero cimene mwana amaganizira, ndipo kuno kum'mawa phunziro la Cinyanja ndiwo malo ake oyamba.

3. Mtundu woyamba: ganizo lobisika m'kapangidwe ka mau

Cinyanja cili ndi timau ndi aneni amene amanyamula ganizo lobisika paliponse pamene apezeka. Onani zitsanzo izi:

(a) Kamau ka -nso. "Agogo apitanso ku Mtenguleni ku Nc'wala." Ganizo lobisika: anapitako kale.
(b) Kamau ka -be. "Mwanayu akudwalabe." Ganizo lobisika: anali kudwala m'mbuyomu.
(c) Aneni osonyeza kusintha, monga kuleka, kusiya, kuyamba ndi kubwerera. "Amalume analeka kulima fodya." Ganizo lobisika: ankalima fodya.
(d) Aneni a kamau ka -ula kobweza nchito, monga kutsekula, kumasula ndi kuvundukula. "Mbusa wamasula mbuzi." Ganizo lobisika: mbuziyo inali yomanga.
(e) Aneni a kudziwa, monga kuiwala, kukumbukira ndi kuzindikira. "Anaiwala kuti mwambo wa Kulamba umacitikira ku Mkaika." Ganizo lobisika: umacitikiradi ku Mkaika.
(f) Mafunso a ndani, liti, kuti ndi cifukwa ciani. "Ndani waswa zenera?" Ganizo lobisika: zenera lasweka, ndipo alipo amene waliswa.

Njira yoyesera mtundu uwu ndiyo kukana ciganizo conse. Tikati, "Amalume sanaleke kulima fodya," tatembenuza nkhani, koma mfundo yakuti ankalima fodya yatsala cikhalire. Cimene catsala ciganizo citakanidwa ndico ganizo lobisika. Cimene cafa pamodzi ndi kukanako cinali conenedwa poyera.

Akuluakulu a pa bwalo la milandu kumudzi amaidziwa bwino mphamvu imeneyi. Nduna ikafunsa kuti, "Unaleka liti kuba nkhuku?" woimbidwa mlandu akachula tsiku lililonse wavomera kale kuti ankaba. Wocenjera sayankha funsolo. Amayamba wakana maziko ake.

4. Mtundu waciwiri: ganizo lobisika pakati pa cifukwa ndi cigamulo

Mtundu uwu ndiwo umapezeka kwambiri m'mayeso. Wolankhula amapereka cifukwa, nafika pa cigamulo kapena pa langizo, koma pakati amasiya mpata woti womvera aikepo yekha mlatho. Mwacitsanzo: "Mlimi uyu wathira feteleza wokwanira, conco adzakolola cimanga cambiri." Mlatho wosachulidwa ndi wakuti mvula idzagwa bwino. Alimi ambiri m'Zambia anaona mlathowo ukugwa pa cilala ca nyengo ya 2023 mpaka 2024, cimene boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu February 2024.

Kawirikawiri funso limalembedwa motere:

Mau: Mphunzitsi wamkulu analembera makolo kalata yakuti, "Msonkhano wa makolo udzacitika Loweruka pa 9 koloko m'mawa. Conde mubwere."
Ganizo I: Makolo adzawerenga kalatayo, kapena wina adzawawerengera.
Ganizo II: Makolo onse amakonda misonkhano.

Pano njira yoyesera ndi yosiyana ndi yoyamba ija. Sitikana mau a wolankhula. Timakana ganizo limene tapatsidwa, n'kuona ngati mauwo angaimebe. Tikane Ganizo I: palibe kholo limene lidzadziwa za m'kalatayo. Ngati mphunzitsi wamkulu akadakhulupirira zimenezi, sakadataya nthawi kulemba. Mau agwa, motero Ganizo I ndi lobisikadi m'mauwo. Tikane Ganizo II: makolo ena sakonda misonkhano. Kalata ikhoza kulembedwabe, pakuti anthu amapita ku misonkhano ngakhale asakuikonda. Mau aima, motero Ganizo II silofunika. Yankho ndi Ganizo I lokha.

5. Pamene ophunzira amaphunthwa

Coyamba, amasankha mfundo cifukwa ndi yoona m'moyo. Pa mau akuti, "Tikwere basi ya m'mamawa kuti tikafike ku Lusaka kusanade," n'zoona kuti msewu wa Great East umaoloka mtsinje wa Luangwa, koma wolankhula sanamangepo mau ake. Cimene wadalira n'cakuti basi yonyamuka ku Chipata m'mamawa ingafike dzuwa lisanalowe.

Caciwiri, amakana ganizo cifukwa sagwirizana nalo. Funso silifuna maganizo a woyankha, koma a wolankhula. Munthu akati, "Usakwere phiri usiku, mizimu ingakukwiyire," wayesa kuti mizimu ilipo, kaya inu mukhulupirira kaya ai.

Cacitatu, amasokoneza ganizo lobisika ndi cotsatira. Ganizo lobisika limakhala m'mutu mau asanatuluke. Cotsatira cimabadwa mau atamveka.

Cacinai, sachera khutu ku mau okokomeza, monga onse, okha, nthawi zonse ndi palibiretu. Ganizo lokhala ndi mau otere nthawi zambiri limapitirira zimene wolankhula anafunikira, monga taonera pa Ganizo II. Komabe musaphunzitse ana kulikana cifukwa ca mau amenewa okha. Aliyese ndi njira ya kukana.

6. Kaphunzitsidwe kake

M'magiredi apansi phunziroli likhale la pakamwa. Nenani ciganizo cacifupi ca zinthu zodziwika, monga "Galu wathu wabwerera," ndipo funsani kuti, "Tadziwa ciani cimene sindinanene?" Lolani mayankho ambiri musanaweruze, cifukwa mwana akadzudzulidwa msanga amatseka pakamwa.

M'magiredi apamwamba lembani ciganizo pa bolodi, ana adule mzere pansi pa mau onyamula ganizo lobisika, kenaka acikane awiriawiri. Akazolowera, bweretsani zidziwitso za pa khoma la cipatala, mau otsatsa malonda a pa wailesi, ndi miyambi. Mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga umayesa kuti nchito imene ikukambidwa ndi yolemera ngati denga. Afunseni ana ngati nchito iliyonse ili yotero.

Kumbukirani kuti mwana wa kuno amaleredwa kuti asatsutse wamkulu, ndipo ulemu umenewu ndi wabwino. Mulongosolereni kuti kufukula maziko a mau si mwano. Muphunzitseni kufunsa mwaulemu kuti, "Pepani, kodi mutanthauza kuti...?"

Pomaliza, yang'anirani mafunso anu omwe. Mphunzitsi wofunsa kuti, "N'cifukwa ciani atsikana amalephera masamu?" waphunzitsa kalasi lonse kuti atsikana amalephera, pomwe sanapereke umboni uliwonse. Wonena kuti, "Ngakhale iwe wakhoza lero," wauza mwanayo kuti samayembekezeka kukhoza. Mau onenedwa poyera mwana akhoza kuwakana mumtima, koma obisika amalowa osagogoda, ndipo amakhalitsa.

7. Nchito

(1) Chulani ganizo lobisika m'ciganizo ciliconse, ndipo sonyezani mau amene alinyamula:
(a) Mfumu yayambanso kugawa minda.
(b) Mlongo wanga akadali ku Katete.
(c) Ndani anakuuzani kuti sukulu yatsekedwa?

(2) Mau: "Gulani mbeu ya nsawa msanga, mvula isanayambe." Ganizo I: Mbeu ya nsawa ikupezeka pa malonda. Ganizo II: Nsawa zimapindulitsa kuposa mbeu zina zonse. Yesani ganizo lililonse polikana, ndipo lembani zifukwa za yankho lanu.

(3) Pa nthawi yanu yoyeserera kuphunzitsa, pemphani mnzanu alembe mafunso khumi amene mwafunsa m'kalasi. Pezani ganizo lobisika m'funso lililonse, ndipo mukonzenso mafunso amene angafooketse mwana.

(4) Konzani phunziro la mphindi 30 la kamau ka -nso, logwiritsa nchito zinthu zopezeka pa sukulu ya kumudzi.