Mapiri, Zigwa ndi Ulimi Wathu: Mafunso Amene Alimi Amafunsa

N'chifukwa chiyani Malawi ali ndi nyanja yaitali komanso mapiri ambiri?

Dziko lathu lili kummwera kwa chigwa chachikulu cha Great Rift Valley, chomwe chimayambira ku Ethiopia, kudutsa ku Kenya ndi Tanzania, mpaka ku Mozambique. Kwa zaka mamiliyoni, nthaka ya kummawa kwa Africa yakhala ikung'ambika pang'onopang'ono. Malo amene anatitimira anadzaza madzi n'kukhala Nyanja ya Malawi, yomwe malo ena ndi yakuya mamita pafupifupi 700. M'mbali mwake munatsala zitunda. Nthakayi ikusunthabe, ndipo n'chifukwa chake ku Karonga kunachitika zivomerezi mu Disembala 2009.

Nanga bwanji ku Nsanje kumatentha pomwe ku Dedza kumazizira?

Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Chigwa cha Shire chili pansi kwambiri, malo ena sapitirira mamita 50 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe Dedza ali pamwamba kuposa mamita 1,500. Choncho thonje, mapira ndi mchewere zimachita bwino kuchigwa, pomwe mbatata ya kachewere imakonda ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Kodi phiri limakoka mvula?

Phiri limatchinga mphepo yachinyezi. Mphepoyo ikamakwera phiri imazizira, mitambo n'kupangika, mvula n'kugwa. Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limatchinga mphepo yochokera ku Indian Ocean. Tiyi wa ku Mulanje amadalira mvula imeneyi ndi chiperoni.

N'chifukwa chiyani kuchigwa kumasefukira ngakhale mvula isanagwe kumeneko?

Madzi a ku Thyolo, Mulanje ndi Mwanza amatsikira mu Shire kudzera m'mitsinje monga Ruo ndi Mwanza. Kumtunda kukakhala kopanda mitengo, madzi amathamanga atanyamula dothi, n'kukwirira mitsinje ndi minda ya kumunsi.

Ndiye mlimi achitepo chiyani?

Yang'anani kaye mmene munda wanu wakhalira. Ngati uli potsetsereka, ikani akalozera, limani mizere yopingasa malo otsetsereka, ikani ngonyeka ndipo bzalani udzu wa vetiva. Malo otsetsereka kwambiri musalime chimanga, bzalanipo mitengo. Ngati muli kudambo kapena kuchigwa, musalime mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Dothi lachonde likakokoloka limatenga zaka zambirimbiri kuti lipangikenso, choncho funsani mlangizi wa m'dera lanu akuthandizeni kuyeza akalozera mvula isanayambe.