Chuma chamasiye ku Majaua chimayambira pa kalata ya imfa

Bambo wapabanja akamwalira ku Majaua, m'boma la Milange ku Mozambique, abale amadikira tsiku lometa kuti akhale pansi ndi kukamba za njinga yamoto, mbuzi, chigayo ndi munda wa nandolo. Mwinimbumba amayankhula, amalume amayankhula. Zikavuta, nkhani imapita kwa régulo, yemwe ndi mfumu ya deralo, kapena kubwalo la m'mudzi, tribunal comunitário, lomwe boma la Mozambique lidalivomereza ndi lamulo la 1992. Zambiri zimathera pomwepo.

Koma banki siimva mawu a régulo. Ngati malemu adasiya ndalama kubanki, galimoto kapena nyumba yolembetsa, banja liyenera kuyamba ulendo wa mapepala, ndipo pepala loyamba ndi kalata ya imfa yochokera ku Registo Civil, ofesi yolembetsa kubadwa ndi imfa. Popanda iyo palibe ofesi ingawathandize.

Kenaka pamabwera habilitação de herdeiros, yomwe ndi kutsimikizira amene ali oyenera kulandira chumacho. Banja logwirizana limapita kwa notário, mkulu wotsimikizira zikalata mwalamulo, ndi kalata ya imfa, mapepala a ukwati ndi a kubadwa kwa ana, pamodzi ndi mboni zitatu zodalirika zoti zinene kuti palibenso mwana wina wobisika. Chidziwitso chimatuluka m'nyuzipepala kuti wodandaula aonekere. Pakakhala mkangano, kapena ana osakwana zaka 21, nkhani imalowa kukhoti la boma la Milange monga inventário, kalembera wa chuma cha malemu. Kumeneko munthu mmodzi, cabeça-de-casal, amene kawirikawiri amakhala mkazi kapena mwamuna wotsalayo, amalemba katundu yense ndi ngongole zomwe, ndipo Ministério Público, ofesi ya oimira boma pamilandu, amaimira ana.

Apa mpamene amayi amasiye ayenera kutchera khutu. Lamulo lakale la Chipwitikizi la 1966 linkaika mkazi kumbuyo kwa ana, makolo ndi abale a mwamuna wake. Lamulo 23/2019 lidamukweza, tsopano amalandira limodzi ndi ana. Yemwe adangolowana popanda ukwati wolembetsa amawerengedwanso, bola banjalo lidapitirira zaka 3. Ndipo gawo lake pa zomwe awiriwo adapeza limodzi limachotsedwa kaye, zotsalazo ndiye zigawidwe. Mlamu wobwera kudzanyamula malata alibe lamulo lomuikira kumbuyo.

Munda uli ndi nkhani yake. Nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa, koma lamulo la malo la 1997 limalola ufulu wolimapo, DUAT, kupita kwa ana, aakazi ndi aamuna mofanana.

Nanga ndalama? Notário amalipiritsa, nyuzipepala imalipiritsa, ndipo zolipira kukhoti zimakwera potengera mtengo wa chumacho. Palinso msonkho: 2 pa 100 iliyonse kwa ana, makolo ndi mkazi kapena mwamuna, 5 kwa abale apafupi, 10 kwa ena onse. Onjezanipo ya kabaza yopita ndi kubwera ku Milange pamsewu wamatope m'dzinja, mumvetse chifukwa chake ambiri amagwa ulesi n'kusiya ndalama zikugona kubanki pomwe ana akusowa yunifolomu. Komatu wosauka angatenge atestado de pobreza kwa akuluakulu a dera lake n'kupita nayo ku IPAJ, bungwe la boma lopereka thandizo la zamalamulo mwaulere.

Mabanja a m'malire ali ndi sitepe ina. Wodwala akaoloka mtsinje wa Ruo n'kukamwalirira m'chipatala cha ku Malawi, kalata ya imfa ya kumeneko iyenera kulowetsedwa m'kaundula wa Mozambique, ndipo ndi bwino kuitenga musananyamule thupi.