Njinga ya mwana waulumali imayamba ndi kuyeza

Anthu akufuna kwabwino akabwera ndi njinga za anthu aulumali kuti azigawe, ife a mafizo timayamba tafunsa kuti ana olandirawo awayeza ndani. Ena funsoli limawawawa, amaliona ngati kusayamika. Koma njinga siyogawa ngati mabulangete, kuti aliyense amene wafika pamzere atengepo imodzi.

Bungwe la WHO likuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse amafunika njinga yotere, ndipo m'maiko osauka ambiri alibe. M'chaka cha 2008 bungweli lidatulutsa malangizo a kaperekedwe ka njingazi m'madera osowa. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti munthu ayesedwe, njinga imukwane, aphunzitsidwe kuigwiritsa ntchito, ndipo azionedwanso.

Ana ambiri amene ndimawaona ndi omwe ubongo wawo udavulala pobadwa kapena atadwala malungo aakulu. Ena adabadwa ndi msana wosatsekeka bwino. Mwana akafika, ndimamukhazika pabenchi yolimba mapazi ataponda pansi, n'kuona ngati khosi ndi msana zikutha kuima zokha. Ndimayeza kukula kwa chiuno, kutalika kwa ntchafu, ndi kuchoka pabondo kufika pachidendene. Akakhala panjingapo, pakati pa mpando ndi kuseri kwa bondo payenera kulowa zala ziwiri kapena zitatu. Kenaka ndimalowetsa dzanja pansi pa matako ake kuti ndimve ngati mafupa akudinda kwambiri pakhushoni.

Mwana wa zaka zisanu mukamuika m'njinga ya munthu wamkulu, amatsetserekera kutsogolo n'kupendekera mbali imodzi, miyendo ili lende. Mayi ake amayesetsa kumutchinjiriza ndi zitenje ndi mapilo, koma miyezi ikamapita msana umapindika, kupuma ndi kumeza kumavuta. Choopsa kwambiri ndi zilonda za pamatako. Mwana amene samva kupweteka kumunsi kwa thupi sadandaula ayi. Pamayamba kachigamba kakuda kapena kofiira, kotentha mukakakhudza, kenaka chilonda chozama chimene chingathe kumupha. N'chifukwa chake khushoni yabwino sitiiona ngati yongokometsera.

Ndiye pali nkhani ya misewu yathu. Njinga ya m'chipatala ili ndi timatayala ting'onoting'ono kutsogolo, topangidwira pasimenti. Pamchenga timatitimira, m'matope ndiye osanena. Kumudzi imathandiza ndi ya matayala atatu, lakutsogolo lalikulu, monga zimene bungwe la Motivation lidakonza poganizira malo okumbikakumbika. Ikakhala ya matayala ndi machubu opezeka kwa okonza njinga zakapalasa pamsika, ndiye bwino koposa, chifukwa njinga yosowa zipangizo imathera pakhonde, mwana n'kubwereranso kumsana kwa mayi ake, sukulu n'kulekera pomwepo.

Komanso mwana amakula. Njinga yomukwana lero idzakhala itamuthina chaka chamawa, choncho timafuna kumuonanso miyezi isanu ndi umodzi iliyonse.

Dziko la Malawi lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo panganolo limatchula zipangizo zothandiza kuyenda. Inu a mipingo, a makampani ndi andale amene mukufuna kuthandiza, musanagule njinga kambiranani ndi a mafizo a pachipatala cha boma kapena a ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre. Pa ndalama zanuzo, patulaniponso zoyezera mwana, za khushoni ndi zokonzetsera njingayo ikawonongeka.