Kusinthana Osewera Pakati pa Chaka: Mmene Detroit Idasankhira Rasheed Wallace

Mwezi wa Febuluwale umasowetsa tulo akuluakulu a matimu a basketball mu ligi ya NBA ya ku America. M'mwezi umenewu mumakhala tsiku lomaliza limene matimu amaloledwa kusinthana osewera, ndipo likangodutsa tsikulo khomo limatsekedwa mpaka masewero a chakacho atatha. Timu iliyonse imasewera masewero 82, kuyambira mu Okutobala mpaka mu Epulo, kotero kuti pofika mu Febuluwale chilema chake chimakhala chitaonekera poyera kwa aliyense.

Awerengi amene adazolowera za mpira wa miyendo adziwe kuti ku NBA wosewera sagulidwa ndi ndalama monga zichitikira ku Ulaya. Kumeneko ndi msintho, monga mmene makolo athu ankasinthira mchere ndi chimanga. Timu imene yapyola kale malire a ndalama za malipiro iyenera kupereka osewera amene malipiro awo akuyandikira malipiro a munthu amene ikumufuna. Kawirikawiri imawonjezerapo mwayi wake wa mu draft, ndiko kuti mwayi wodzasankha mnyamata watsopano chaka chikatha. Tsono funso limene mkulu wa timu amagona nalo si lakuti wosewera wabwino ali kuti, pakuti abwino ngambiri. Iye amafunsa kuti: pa anthu amene eni ake angalole kuwataya, ndani angatseke mpata umene tili nawo, ndipo titaya chiyani pomutenga?

Mu 2004 funso limeneli lidagwera Joe Dumars, mkulu wa timu ya Detroit Pistons, yemwe pa unyamata wake adapambana nayo chikho mu 1989 ndi mu 1990. Chaka cha 2003 timu yake idagonja masewero anayi otsatana kwa New Jersey Nets itatsala pang'ono kufika pa ndime yotsiriza. Osewera anzeru idali nawo: Chauncey Billups, Richard Hamilton, Tayshaun Prince, ndi Ben Wallace amene adasankhidwa kukhala katswiri wotchinga woposa onse mu 2002 ndi mu 2003. Koma Ben Wallace sankatha kuponya mpira ali patali, ndipo adani ankamusiya yekha n'kukaunjikana pa anzake. Chimene chinkasowa ndi munthu wamtali woti aime pambali pake, wodziwa kutchinga komanso kugoletsa ali kutali.

Munthu wotere adalipo, koma matimu ambiri ankamuopa. Rasheed Wallace (sadali mbale wake wa Ben, dzina lokha ndilo lidangofanana) adali ndi msinkhu wa mamita 2.11 ndi dzanja lolunjika, komanso adali ndi mkamwa. M'chaka cha masewero cha 2000-01, ali ku Portland, adalandira zilango 41 za technical foul, zambiri mwa izo chifukwa chokangana ndi oyimbira, ndipo palibe wina adafikapo pa chiwerengero chimenechi. Kuwonjezera apo, mgwirizano wake unkatha chaka chomwecho cha 2004, kutanthauza kuti womutenga akadatha kukhala naye miyezi inayi yokha, kenaka n'kumuona akupita kwina.

Apa mpamene padaonekera luso la kuyeza. Zinthu ziwiri zimene zinkathawitsa ena ndi zomwezo zidatsitsa mtengo wake. Portland idamupereka ku Atlanta pa 9 Febuluwale. Kumeneko adasewera masewero amodzi okha, ndipo pa 19 Febuluwale adasamutsidwanso kupita ku Detroit pa msintho wokhudza matimu atatu, yachitatu ili Boston. Dumars adapereka Bob Sura, Zeljko Rebraca, Chucky Atkins, Lindsey Hunter ndi mwayi uwiri wa mu draft. Pa anthu anayi aja amene timu idatsamirapo, sadataye ndi mmodzi yemwe. Hunter nayenso Boston idamumasula ndipo posakhalitsa adabwerera ku Detroit. Za ukali wa Rasheed, Dumars adadalira mphunzitsi Larry Brown, pakuti awiriwa, ngakhale pa nthawi zotalikirana, onse adaphunzira mpira ku yunivesite ya North Carolina m'manja mwa Dean Smith, ndipo ankalankhula chinenero chimodzi pa za masewero.

Zotsatira zake sizidachedwe. Pa masewero 26 amene adatsala, Detroit idapambana 20. M'mwezi wa Malichi matimu asanu otsatana adalephera kufika pa mapointi 70 posewera nayo, chinthu chodabwitsa mu ligi imene mapointi 90 saoneka ngati ochuluka. Mu Juni idagonjetsa Los Angeles Lakers masewero anayi kwa amodzi n'kutenga chikho, ngakhale kuti Lakers idali ndi Shaquille O'Neal, Kobe Bryant, Karl Malone ndi Gary Payton.

Kuti tione kuti dzina palokha silikwanira, tiyang'ane zimene idachita Phoenix Suns mu Febuluwale 2008. Timu imeneyi idali pamwamba pa matimu a chigawo cha kumadzulo, ndipo mphamvu yake idali liwiro. Akuluakulu ake adapereka Shawn Marion, wothamanga ndi wotchinga wodalirika, pamodzi ndi Marcus Banks, kuti atenge O'Neal ku Miami. O'Neal adali ndi zaka 35, thupi litalemera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Maganizo awo sadali opusa, chifukwa ankafuna chimphona cholimbana ndi Tim Duncan wa San Antonio Spurs. Koma pofuna kutseka mpata umodzi adagumula khoma limene nyumba yonse idaimirapo. Spurs yomweyo idawatulutsa pa ndime yoyamba, masewero anayi kwa amodzi, ndipo mphunzitsi Mike D'Antoni adachoka chaka chomwecho.

Tisaganize kuti Detroit idamutenga Rasheed mwaulere. Atapambana chikho adasaina mgwirizano watsopano wa zaka zisanu, koma m'nyengo yomweyo Mehmet Okur, mnyamata wamtali wa ku Turkey amene malo ake adachepa Rasheed atabwera, adapita ku Utah kumene adakula kukhala katswiri. Mu 2005 Detroit idafikanso pa ndime yotsiriza n'kugonja kwa Spurs pa masewero achisanu ndi chiwiri. Mwayi uwiri wa mu draft uja udaberekanso zipatso kwina: Atlanta idasankha Josh Smith, Boston idasankha Tony Allen. Allen ameneyu adali mu timu ya Boston imene mu 2008 idatulutsa Detroit pa ndime yolowera kotsiriza, Rasheed Wallace akadali momwemo.