Mathiraki aatali m'misewu yokhotakhota: chenjerani ndi ngolo

Thiraki yokoka ngolo ikamakhota, matayala akumbuyo sadutsa mmene adutsa akutsogolo. Amadula njira n'kulowera m'kati mwa kona, ndipo ngolo ikatalika, kudulako kumakulanso. N'chifukwa chake m'mapiri a Chiweta pa msewu wa M1, kapena potsetsereka kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa, dalaivala amayamba walowa mbali ya magalimoto ochokera kutsogolo kuti ngoloyo ikwane.

Ambirife timayang'ana mutu wa thiraki, ndipo ukatidutsa timaganiza kuti tapulumuka. Komatu woyenda pansi kapena wakabaza amene waima m'kati mwa kona amapsinjidwa ndi ngolo, dalaivala asakumuona n'komwe. Ngati inu simukumuona dalaivala pagalasi la m'mbali, iyenso sakukuonani. Tulukiranitu mumsewu, mwana mutamugwira dzanja, kufikira matayala omaliza atadutsa.

Pamtsetse wautali mabuleki a thiraki yolemedwa amatentha mpaka kuleka kugwira. Mukakwera minibasi, musachite manyazi kumuletsa dalaivala kupitirira thiraki pakona, ngakhale mukuthamangira kuchipatala ndi wodwala.

Ngozi ikachitika, musamunyamule mwachisawawa munthu amene akudandaula khosi kapena msana, pokhapokha ngati pali moto kapena choopsa china. Pamene pakutuluka magazi, panikizani ndi nsalu yoyera. Wogundidwa aliyense akaonedwe kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale akuyenda yekha, chifukwa magazi angamatayikire m'mutu kapena m'mimba popanda bala looneka kunja.