KUKONGOZA BOMA KAPENA KUMANGA NYUMBA YA LENDI?

Nkhani youlutsidwa pa wailesi m'Cinyanja

 Madzulo ano tikambirana za ndarama zimene munthu amazilandira kamodzi kokha pa moyo wace. Munthu akagwira nchito zaka makumi awiri kapena atatu pansi pa mgodi, m'sitolo kapena m'ofesi, limafika tsiku lakuti alandire ndarama zace zopumira nchito zonse pamodzi. Ndiponso m'caka ca 2023 lamulo linalola mamembala a NAPSA kutapako K20 pa K100 iri yonse imene anasonkha, asanafike pa msinkhu wopuma. Ndarama zotere sizibwera kawiri, ndipo zikatayika mwini wace atamera imvi, alibenso mphamvu zotsikira pansi kukafuna zina. Cifukwa cace funso lathu ndi lalikuru: kodi nkwabwino kuzikongoza Boma pogula mabondi, kapena kumanga nyumba yoikamo alendi?

BONDI NCIANI?

Bondi ndiyo pangano la ngongole. Boma likafuna ndarama zoposa zimene litolera pa misonkho limakongola kwa anthu, ndipo Bank of Zambia ndiyo imagulitsa mabondi m'dzina la Boma. Munthu akagula bondi ya K10,000 ya zaka 5, Boma limlonjeza zinthu ziwiri. Coyamba, lidzampatsa ciongoladzanja miyezi 6 iri yonse, ndipo kukula kwace kumadziwika pa tsiku logula lomwe. Caciwiri, zaka 5 zikatha lidzambwezera K10,000 yace yonse. Alipo mabondi a zaka zowerengeka, monga 2 kapena 3, ndipo aliponso a zaka 10 kapena 15.

Ambiri amayesa kuti zimenezi nza mabanki ndi makampani okha, koma si tero ai: munthu wamba akhoza kuyamba ndi K1,000. Cofunika ndico kukhala ndi akaunti ku banki, ndi kulembetsa dzina m'kaundula wa ogula mabondi. Ngongoleyo imalembedwa m'kaundulamo, kotero kuti mbala singaibe, ndipo moto sungaitenthe. Msonkho wa Boma umacotsedweratu, ndipo zotsalazo zimalowa zokha m'akaunti. Palibe kugogoda pa khomo la munthu kumapeto kwa mwezi, palibenso denga lodontha. Munthu akagwa m'mabvuto zaka zisanakwane akhoza kugulitsa bondi yace kudzera ku banki kapena pa msika wa Lusaka Securities Exchange. Koma ngati pa nthawiyo Boma liri kulipira ciongoladzanja cokwera pa mabondi atsopano, ogula sadzafuna yace yakaleyo pokhapokha atatsitsa mtengo.

MDANI WA BONDI

Mdani wamkuru wa bondi ndiye kukwera kwa mitengo ya zinthu. Boma lilonjeza kubweza makwaca amene munalipatsa, koma silonjeza kuti makwacawo adzagula matumba a ufa ocuruka monga akadagula tsiku lija. Ziri monga cimanga ca m'nkhokwe cimene calowa anankafumbwe: poyang'ana kunja nkhokwe iri yodzala, koma popita nayo ku cigayo mupeza gaga wokha wokha.

Akuru amene ali kumvera akumbukira. Pamene kwaca inayamba m'caka ca 1968, K1 inali kugula dola imodzi ya ku America ndi masenti 40. Pofika 2012 dola imodzi inali kufuna makwaca ngati 5,000, ndipo pa 1 January 2013 Boma linacotsa maziro atatu, K1,000 yakale niisanduka K1 yatsopano. M'zaka za 1992 ndi 1993 mitengo inali kukwera koposa kawiri pa caka cimodzi, kotero kuti K100 imene inasungidwa zaka ziwirizo inalephera kugula ngakhale gawo limodzi la magawo anai a zimene inali kugula poyamba. Posacedwapa, pakati pa 2021, mitengo inakwera koposa K24 pa K100 iri yonse pa caka. Cimene Bank of Zambia ifuna ndico kuti kukweraku kukhale pakati pa K6 ndi K8, koma pa zaka 10 kapena 15 zinthu zambiri zimasintha.

Ena adzafunsa kuti, nanga Boma silingalephere kulipira? Likhoza. M'mwezi wa November 2020 dziko lathu linalephera kulipira madola 42.5 miliyoni a ciongoladzanja pa mabondi amene linagulitsa kwa anthu a kunja, ndipo pangano latsopano ndi eni ngongoleyo linatheka m'caka ca 2024. Mabondi a makwaca, ogulitsidwa muno, Boma linapitiriza kuwalipira ndipo silinawakhudze pa kukonzanso ngongoleko. Koma ku Ghana zinayenda mwina: kuyambira December 2022 Boma la kumeneko linapempha nzika zace zomwe kusinthanitsa mabondi ao ndi ena a ciongoladzanja cocepa ndi zaka zambiri, ndipo nkhalamba zopuma nchito zinacita kukaima pa khomo la Unduna wa Zacuma kudandaula. Ciongoladzanja cikakwera kwambiri, monga cinapitirira K30 pa K100 kuciyambi kwa 2021, musacione ngati mwai wokha. Cimasonyezanso kuti okongoza ali ndi mantha.

NYUMBA YA LENDI

Ubwino wa nyumba ndiwo wakuti anankafumbwe aja saiboola. Mtengo wa simenti, malata ndi mabuloko ukakwera, mtengo wa nyumba yomangidwa kale umakwera nawo, ndipo mwini wace akhoza kukweza lendi. Ofuna pogona nawonso ali kucuruka: kalembera wa 2010 anapeza anthu oposa 13 miliyoni m'Zambia, ndipo wa 2022 anapeza oposa 19 miliyoni. Pamene Boma la a Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za makhonsolo kwa okhalamo m'caka ca 1996, ndi nyumba za ZCCM kwa anchito a migodi pambuyo pace, mabanja ambiri anapeza cuma cimene cawasunga kufikira lero. Nyumba imaoneka ndi maso. Mwana akacotsedwa nchito akhoza kubwera kudzagonamo. Bondi singakutetezeni ku mvula.

Koma walira mvula walira matope. Lendi imene anthu amaichula pa mowa si imene imatsala m'thumba. Pali miyezi imene nyumba imakhala yopanda munthu, ndi miyezi imene munthu alimo koma salipira. Pali denga, mipope, cimbudzi ndi utoto. Khonsolo ifuna msonkho wace wa nyumba, Unduna wa Malo ufuna lendi ya nthaka, ndipo ndarama za lendi nazonso ziri ndi msonkho. Lamulo la lendi la 1972 limateteza wokhala m'nyumba, kotero kuti simungangomtayira katundu pabwalo. Nkhani iyenera kupita ku khoti. Ndipo mlendi akakhala mwana wa mlongo wanu, mudziwa nokha kuti khotilo simudzapitako.

Palinso nkhani ya mapepala. Mwa lamulo la malo la 1995, nthaka yonse iri m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo munthu amapatsidwa cikalata ca zaka zosaposa 99. M'makomboni ambiri cikalata cimene khonsolo ipereka nca zaka 30. Amene agula poloti kwa munthu wa pa mseu, popanda kufufuza ku khonsolo ndi ku ofesi ya malo, akhoza kumanga nyumba nidzaona ikugwetsedwa. Ndiponso nyumba sigulika msanga. Mwana akafuna K5,000 ya ku koleji, simungagulitse cipinda cimodzi. Mugulitsa yonse, ndipo wogula akadziwa kuti muli pa cangu adzakupatsani mtengo wa nkhuku.

MDANI WA NYUMBA YA KU MIGODI

Tsono ndifika pa mfundo imene ndifuna kuti anchito a migodi aisunge koposa zonse. Nyumba siyenda. Mtengo wace umacokera kwa anthu amene ali ndi malipiro m'tauni momwemo, ndipo m'matauni a migodi malipiro onse, ngakhale a mai wogulitsa tomato pa msika, amacokera pansi pa nthaka.

Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa m'caka ca 1994. Wa ku Luanshya, umene unagulitsidwa mu 1997, unagwa m'ngongole mu 2000, ndipo anthu zikwi anakhala opanda nchito. M'caka ca 2008 mtengo wa mkuwa unatsika kucokera pafupi ndi madola 9,000 pa tani kufika pa madola ngati 3,000 m'miyezi yocepa, ndipo mgodi wa ku Luanshya unaimanso kufikira unapeza eni atsopano mu 2009. Pa nthawi zotero mwini nyumba amataya nchito, mlendi wace amatayanso nchito mwezi womwewo, ndipo wogula nyumba sapezeka pakuti onse ali kufuna kugulitsa. Ku Solwezi kunacitika zosiyana: mgodi wa Kansanshi utatsegulidwanso mu 2005, ndi wa Lumwana mu 2008, anthu anakhamukirako ndipo lendi inakwera. Eni nyumba a ku Solwezi sanapose a ku Luanshya nzeru. Onse anali kutsata mkuwa.

Cotero munthu wa pa mgodi amene waika ndarama zace zonse m'nyumba ya pafupi ndi mgodi womwewo wapacika malipiro ace, lendi yace ndi ukalamba wace pa cingwe cimodzi. Cikaduka, zonse zigwa tsiku limodzi. Bondi iri pa cingwe cina, pakuti Boma limatolera misonkho ku dziko lonse. Nzoona kuti mkuwa ukatsika Boma nalonso limabvutika, koma mgodi umodzi ukatsekedwa ciongoladzanja canu sicileka.

TIYENI TIWERENGE

Tiyerekeze ndi K300,000. Ziwerengero izi nzongofanizira, ndipo ali yense aikepo za kwao. Munthu woyamba wamanga nyumba yolandira K2,500 pa mwezi, ndiyo K30,000 pa caka. Ticotsepo K5,000 ya miyezi iwiri yosalipidwa, K3,000 yokonzera zoonongeka, ndi K2,000 ya misonkho. Watsala ndi K20,000. Waciwiri wagula bondi yopatsa K15 pa K100 iri yonse, ndiyo K45,000. Msonkho ukatenga K9,000, watsala ndi K36,000. Poyamba zioneka ngati wa bondi wapambana kutali.

Koma mitengo ikakwera K10 pa K100 caka cimeneco, K300,000 yace yacepa mphamvu ndi K30,000, ndipo phindu lace leni leni ndi K6,000 yokha. Akadya K36,000 yonse caka ndi caka, pakutha zaka 10 Boma lidzambwezera K300,000 yogula zimene K116,000 igula lero. Wa nyumba, ngati tauni yace iri moyo, wadya K20,000 ndipo nyumba yace yakwera pamodzi ndi mitengo. Mitengo ikangokwera K7, phindu leni leni la bondi lifika K15,000, popanda thukuta. Ndipo mgodi ukatsekedwa, wa nyumba akhala ndi makoma opanda mlendi, pamene wa bondi ali kulandirabe K18,000 miyezi 6 iri yonse. Taonani tsono kuti yense wa awiriwa ali ndi caka cace comwetulira ndi caka cace colira.

ZA MASIYE

Tisaiwale otsala m'mbuyo. Lamulo la 1989 liti munthu akafa wosalemba wilo, ana alandira magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna 20, makolo 20, ndi ena odalira womwalirayo 10. Nyumba yokhalamo ikhala ya wamasiye ndi ana. Koma nyumba zikakhala zambiri, iwo asankha imodzi, ndipo zinazo zilowa m'cuma cogawana. Kugawa ndarama za bondi nkwapafupi, koma kugawa nyumba imodzi kwa anthu khumi kwadanitsa abale ambiri. Lembani wilo, ndipo mkazi wanu adziwe kumene kuli mapepala ndi dzina la banki, pakuti bondi yosadziwika kwa ana iri ngati ndarama zokwiriridwa m'thengo.

TSONO TICITE CIANI?

Amene alibe nyumba yaceyace ayambe wapeza denga la banja lace, la mapepala oongoka, pakuti nkhalamba yolipira lendi siigona tulo. Amene ali nayo kale m'tauni ya mgodi aganize bwino asanamange yaciwiri pa mseu womwewo. Kwa iye nkwanzeru kukongoza Boma gawo lina, ndipo akafunabe nyumba ya lendi ayang'ane kumene anthu amadya za nchito zosiyana siyana, monga pafupi ndi koleji, cipatala cacikuru kapena maofesi a Boma. Wogula mabondi asagule onse a caka cimodzi. Ena akhale a zaka 2, ena 5, ena 10, kuti ndarama zizibwerera nthawi ndi nthawi, ndipo asadye ciongoladzanja conse, koma gawo lina aligulirenso mabondi monga mlimi amapatula mbeu. Womanga nyumba asunge pambali ndarama za miyezi ingapo ya lendi, zokonzera denga ndi zodikirira mlendi watsopano.

Makolo athu anali kubzala cimanga, nabzalanso cinangwa m'mbali mwace, podziwa kuti cimene cipha cimodzi sicipha cinzace. Musanasaine pepala liri lonse, pitani ku banki mukafunse ciongoladzanja ca mabondi ca mwezi uno ndi msonkho wace, pitani ku khonsolo mukafunse za poloti, ndipo muwerenge ndi pensulo pamodzi ndi akazi anu. Safunsa anadya phula.

Tsalani bwino nonse. Amene mulowa nchito ya usiku, mutsike bwino ndi kukwera bwino.